Mausiku Awiri Okha pa Bwalo la Ng'ombe

Saint-Orcel, 9 Seputembala 2018

Maryse mwana wanga,

Moni wochokera kuno kumapiri. Ine ndili bwino, bondo lokha ndilo layamba kundiuza kuti chisanu chili pafupi. Iwe uli bwanji ku Montréal kwakoko? Mwamuna wakoyo adakasungabe ndevu zija? Usavutike n'kuyimba foni. Ukudziwa kuti m'chigwa muno foni yodalirika ndi ya kubekale kwa azakhali ako Fernande, ndipo ine nkhani zanga sindikambira pamaso pa anthu a pamzere wa buledi.

Nkhani ndi iyi. Khonsolo yathu yadya chiyani sindikudziwa. Meya wathu, Thibault mwana wa a Rouvière, amene ndinkamukweza pamsana pa ng'ombe mamina ali chuchuchu, akufuna kuika mpiringidzo wa makina pabwalo pano. Bwalo lomweli la msika wakale wa ng'ombe, pamene ndinagulitsirapo ng'ombe mpaka imvi, pamene khonsolo yomweyi inati magalimoto ogonamo aziima ulere. Tsopano akuti munthu azilowetsa khadi la ku banki, mayuro 12 usiku umodzi. Akutinso mausiku awiri okha, tsiku lachitatu uzipita. Ukapitirira, chindapusa, kenako galimoto aikoka.

Uzipita kuti? Nyumba tinagulitsa ine ndi mayi ako kuti tigule galimoto yogonamoyi, Nkhono yathu, tikaone nyanja tisanafe. Nyanja tinaiona. Mayi ako Huguette atatisiya ndinabwera nayo kuno, ndinaiimika pansi pa mpanda wa manda, ndipo m'mawa uliwonse ndikatsegula chitseko ndimapereka moni kwa mayi ako kuseri kwa mpandako. Ndani anadandaulapo? Chimbudzi cha pabwalo wotsuka ndine. Ajeremani ndi Adatchi akafika osadziwa potayira madzi akuda, wowalozera ndine.

Thibault akuti madzi, magetsi ndi kutaya zinyalala zonse zimatuluka m'misonkho ya anthu a m'mudzi, alendo akungodyerera. Pang'ono pokha akunena zoona, sindikana. Koma ine ndine mlendo? Ndinabatizidwa m'tchalitchi chimene belu lake ndikulimva ndikulemba pano.

Adzavota Lachisanu loyamba la Okutobala. Mitu ndaiwerenga kale. Asanu ali kwa meya, asanu akukana, wotsalayo ndi mlongo wanga Fernande. Ndiye usade nkhawa, tipambana. Ndikungokuuza kuti usadzamvere kwa ena.

Undilembere. Undiuze ngati kuchipatala kwanuko akukupumitsako.

Papa


Montréal, 23 Seputembala 2018

Papa okondedwa,

Kalata yanu yafika, ndipo ndathokoza kumva kuti muli bwino. Ife kuno tilipo. Ndevu zilipo, musazidandaule, zikukupatsani moni. Kuchipatala ntchito ndi yosatha, ana akubadwa ngati apangana, ndipo tchuthi changa akuti ndi mu Febuluwale basi.

Koma Papa, zilembo zanu zakula bwanji? Envelopu inabwera yonenepa ngati muli nsalu, tsamba lililonse timizere towerengeka. Mwayamba kulemba ngati mukulembera ng'ombe?

Za mpiringidzozo ndamva, ndipo zandipweteka. Komabe tiyeni tikonzekere, chifukwa mavoti a khonsolo ndi osadalirika. Ndaikamo cheke m'kalata muno, chikukwanirani miyezi itatu yoyamba. Musayambe makani, ndine mwana wanu, ndipo ndimagwira ntchito.

Za mausiku awirizo sindikuona vuto. Si inu amene munkandisimbira kuti m'midzi ina munkatuluka pa mpiringidzo, kuzungulira tchalitchi, n'kulowanso, makina n'kuyamba kuwerenga mwatsopano? Munkati aliyense wa magalimoto ogonamo amatero, ndipo Mama ankabisa nkhope ndi nyuzipepala chifukwa cha manyazi. Chitani zomwezo. Nkhono nayo iwongoleko miyendo.

China ndi ichi, ndipo muwerenge mpaka kumapeto musanang'ambe. Mnzanga wa kusukulu amagwira ntchito panyumba ina yosungirako okalamba ku Aurillac. Akuti zipinda n'zofunda, chakudya n'chabwino, ndipo Lamlungu lililonse kuli basi yofika ku Saint-Orcel. Sindikuti mupite. Ndikungoti malowo alipo. Ndikaganiza za inu m'kabokosi ka malata ako, chipale chofewa chili mpaka m'mawondo, tulo sindipeza.

Mupereke moni kwa azakhali.

Mwana wanu,
Maryse


Saint-Orcel, 8 Okutobala 2018

Maryse,

Moni. Cheke chako ndachibweza, chili m'katimu. Ndinakupempha nkhani, osati ndalama. Penshoni yanga ndi yochepa koma sinafe. Ndikadya supu m'malo mwa nyama, mayuro awo ndikhoza kuwapatsa. Nkhani si imeneyo.

Tagonja.

Ndinavala jekete ya pa ukwati wako n'kupita kuholo. Ndinakhala pampando wa omvera, chipewa pabondo. Atafika pa nkhani ya bwalo ndinaimirira. Thibault akuti, "A Aimé, lamulo mukulidziwa. Omvera amamvera, sayankhula." Ine ndikuti, "Iwe mwana, matewera ako ndinawaonapo." Anthu anaseka, koma anandikhazikabe pansi. Ndinangokhala duu, kumva anthu akukambirana za pogona panga ngati akukambirana za ngalande.

Wina akuti alendowo amabwera ndi chakudya chawo, sagula kanthu. Wina akuti bodza, tchizi amagula, mafuta amagula, mukawalipiritsa adzauzana okhaokha ndipo mudzi uno adzaulambalala. Wina akuti pamalo paulere pamabwera anthu osachoka. Sanatchule dzina, koma mutu wake unatembenukira kwa ine.

Ndiye meya akuti tiyeni tivote. Pamenepo mlongo wanga, mwana wa mayi anga, anaimirira, anatola chikwama chake, n'kutuluka. Ndinamva nsapato zake mpaka pakhomo. Osandiyang'ana n'komwe. Anatsala khumi, asanu uku asanu uku, ndipo zikafanana chonchi mbali ya meya ndiyo imapambana. Basi, zinathera pomwepo. Mpiringidzo auika kumayambiriro kwa Disembala.

Fernande anabwera kudzagogoda pa Nkhono m'mawa mwake. Sindinatsegule. Buledi wake sindikudyanso, ndikudya mabisiketi ouma a m'sitolo, ndipo akundikoma.

Za ku Aurillac ndawerenga mpaka kumapeto monga unanenera. Yankho ndi ayi. Za kuzungulira tchalitchi usandiuzenso. Nkhono sisuntha, ine sindisuntha. Akafuna adzakoke ndili momwemo.

Zilembo zakula chifukwa cholembera n'choipa ndipo nyale ya muno ndi yofooka. Iwe wasanduka mphunzitsi liti?

Papa


Montréal, 21 Okutobala 2018

Azakhali Fernande,

Moni. Ndikhulupirira muli bwino ndipo bekale ikuyenda.

Ndakhala masiku ndikuyamba kalatayi n'kuing'amba. Papa andilembera zimene zinachitika kuholo. Azakhali, n'zoona? Munatuluka? Dzanja lanu limodzi likanakwana, ndipo inu munatola chikwama. Ndinu amene munandigwira dzanja pamaliro a Mama n'kunena kuti, "Pita ku ntchito yako, bambo akowa ndiwayang'anira ine." Ndinapita chifukwa cha mawu amenewo.

Ngati meya anakulonjezani kanthu, ndiuzeni. Ngati mwatopa nawo Papa, ndiuzeninso, ndikudziwa kuti si munthu wophweka. Koma musandisiye ndikungoganiza ndekha kutali kuno. Ndakwiya, ndipo sindikubisirani.

Akudya chiyani kwenikweni? Gasi wotenthetsera m'galimoto ali naye?

Maryse


Saint-Orcel, 4 Novembala 2018

Maryse, mwana wa mlongo wanga,

Moni, ndili bwino, zikomo pofunsa ngakhale unafunsa mano ali gwa. Kalata yako ndinaiwerenga nditaimirira, kenako ndinakhala pansi n'kuiwerenganso. Meya kundilonjeza kanthu! Ine Fernande! Andilonjeza chiyani Thibault, amene mpaka lero amandipempha kansonga ka buledi akadikira pamzere? Ukanakhala pafupi ndikanakukoka khutu, ukulu wakowo.

Tamvera. Ndikulowa muholo tsiku lija, mlembi wa khonsolo anandikokera pambali. Akuti, "Mayi Fernande, nkhani ya bwaloyi simungavotepo. Tindalama tachitsulo totsegulira mpopi wa pabwalo mumagulitsa ndinu, eni magalimotowo buledi amagula kwanu, ndipo wogona pamenepo ndi mlongo wanu. Khansala amene nkhani ikumukhudza amatuluka. Mukakweza dzanja, a boma ku Aurillac adzafafaniza zonse, inu n'kukuimbani mlandu." Ndinamufunsa kuti bwanji osandiuza kale. Akuti anali asanaganizepo. Koma abale! Ndinatuluka, ndipo ndinakalirira kuseri kwa chipilala cha asilikali ngati kamtsikana.

Bambo ako akuti sindinamuyang'ane? Ndinaima patsogolo pake penipeni, ndinamuyang'ana m'maso, ndinaika dzanja pamtima. Iye nkhope gwa, ngati ndine khoma. Ndinkati ndi mkwiyo. Mwezi wonse ndakhala ndikumukwezera dzanja pamsewu, iye osayankha, ine n'kumati liuma la kwathu ndi limeneli, bambo athu analinso chimodzimodzi. Chipinda cha pamwamba pa bekale ndinamuuza kalekale kuti chilipo, anati iye si mphaka wokwera masitepe.

Tsopano khala pansi, chifukwa chimene ndikulembere si chophweka.

Lachinayi linali tsiku la Oyera Onse. Mudzi wonse unali kumanda ndi miphika ya maluwa, ziliza zitatsukidwa mbee. Ine ndinali kwa makolo athu, ndipo ndinamuona bambo ako akulowa, mphika waukulu wa maluwa achikasu uli pachifuwa. Anayenda bwinobwino m'kanjira kake ka masiku onse. Koma ukukumbuka kuti pafupi ndi mayi ako pagona Marcel Delpuech, uja anakangana ndi bambo ako moyo wonse chifukwa cha ng'ombe yamphongo? Chiliza cha Marcel chakhala chakuda ndi ndere zaka zonsezi, cha Huguette chokha ndicho chinali choyera pamzere umenewo. Chaka chino ana a Marcel abwera kuchokera ku Paris ndi makina opopera madzi, achitsuka mpaka kuwala.

Bambo ako anaika maluwa pa Marcel. Anagwada ndi bondo lake loipalo, anasisita mwalawo, n'kumati, "Wagona bwanji, mtima wanga? Usaope, sindichoka." Kwa Marcel Delpuech! Dzina lili pamenepo, zilembo zagolide zazikulu ngati dzanja langa.

Ndinayamba kuseka, ndikuvomera. Kenako ndinamvetsa. Maryse, bambo ako sakuona.

Atachoka ndinasuntha mphikawo mwakachetechete. Kenako ndinapita pabwalo kukaiyang'ana Nkhono ndi maso atsopano. Udzu wamera kuzungulira matayala. Galimoto imeneyi siinasunthe zaka ziwiri, ndipo tonsefe timangoti ndi chikondi cha pa mkazi wake. Chikondi chilipo, inde. Koma munthuyu sangathe kuyendetsa. Njira za m'mudzi amaziyenda ndi mapazi chifukwa anaziloweza. Mayuro 12 sakumuopsa. Chikumuopsa ndi tsiku lachitatu lija, pamene makina adzati tuluka, mudzi wonse n'kuona kuti Aimé Vaissière sangapeze chipata chimene analowetsapo ng'ombe moyo wake wonse.

Sindinamuuze kuti ndadziwa. Chitseko sakunditsegulirabe. Buledi ndimamupachikira pachogwirira chitseko, ndipo akauza anthu kuti amapatsa mbalame, ndimangoti mbalame za chaka chino zimadziwa kupaka batala. Gasi ali naye, ndinafunsa kogulitsa.

Ndiuze maganizo ako. Wangotsala mwezi.

Azakhali ako, amene sanagulidwe,
Fernande


Montréal, 19 Novembala 2018

Azakhali,

Pepani. Ndikhululukireni, ndinalemba ndi mkwiyo ndisanamve mbali yanu. Manyazi andigwira. Ine namwino, ndinaona zilembo zikukula n'kumangoseka.

Tsamba lachiwirili ndi la Papa. Chonde mukawawerengere, ngakhale mutaima panja pa chitseko chotseka. Musasinthe mawu.

Papa,

Moni. Ndikudziwa za maso anu. Musakwiyire azakhali, anachita bwino kundiuza, ndipo kuholo kuja anatuluka chifukwa lamulo linawatulutsa. Anaima patsogolo panu, inu simunawaone.

Ndalira, Papa, koma ndamaliza kulira ndipo ndaganiza. Simungakhale nokha m'galimoto ya gasi ndi moto musakuona, m'nyengo ya chipale. Simungayendetse. Tsiku lachitatu likadzakwana adzabwera apolisi ndi galimoto yokokera, ndipo adzakutulutsani anthu akuonerera. Zimenezo sindilola kuti zikuchitikireni.

Ndalankhula ndi a ku Aurillac. Bedi likhalapo kuyambira pakati pa Disembala, ndipo ndawauza kuti alisunge m'dzina lanu. Masiku apakatiwo mukagone kwa azakhali, masitepe muwapirire. Nkhono tidzaigulitsa ndikadzabwera mu Febuluwale. Lamlungu lililonse muzidzafika kwa Mama, ndidzakonza wokuperekezani.

Mundida, ndikudziwa. Ndilolera kuti mundide muli moyo. Makani amene muli nawo ndi omwe ndili nawo, munandipatsa ndinu, ndiye musayembekeze kuti ndibwerera m'mbuyo.

Ndimakukondani.
Maryse


Montréal, 11 Disembala 2018

Azakhali,

Moni. Chikuchitika n'chiyani? Ndikayimba foni mukungoti, "Pali anthu pano, ndikulembera," n'kudula. Kalata palibe. Mpiringidzo anauika? Papa ali kuti? Munawawerengera? A ku Aurillac akufuna yankho, akuti pali ena akudikira bedi lomwelo.

Ngati chachitika choipa musandibisire. Ndikwera ndege ngakhale andichotse ntchito.

Maryse


Saint-Orcel, 14 Disembala 2018

Maryse,

Moni, tonse tili moyo, pumira m'mwamba. Pafoni sindikanatha, mzere wa buledi uli ndi makutu kuposa kalulu wa m'khola. Komanso ndinkafuna ndione kaye ngati zimene tayambazi zigwire.

Kalata yako ndinamuwerengera nditaima panja, mphepo ikundidula makutu. Sindinasinthe mawu. Nditamaliza chitseko chinatseguka, koyamba chichokere tsiku la kuholo. Anali atakhala pabedi, manja ali pamawondo. Akuti, "Unadziwira kumanda kuja, eti? Maluwa aja ndinaika pa ndani?" Ndikuti, "Pa Marcel." Akuti, "Mawu aja ndinauza Marcel?" Ndikuti, "Onse." Anagwira kumaso. Ndinkati akulira, ndipo analiradi, koma pakati pake anati, "Galu ameneyo, ngakhale atafa akundiberabe."

Ndinakhala naye. Anandiuza kuti zonse amaziona ngati ali m'chifunga, zoyera zokha ndizo zimaonekako. Makalata ako amawawerenga ndi galasi lokulitsa zilembo, pepala lili pamphuno. Kwa dokotala sanapite chifukwa Huguette analowa m'chipatala akuyenda yekha ndipo sanatulukemo. Akuti, "Fernande, ku Aurillac ndikafa mwezi usanathe. Ndikudziwa ngati mmene ndinkadziwira ng'ombe yodwala." Ndinamukhulupirira, Maryse. Iwe ukunena zoona pa gasi ndi moto, koma iyenso akunena zoona.

Mpiringidzo anauika Lolemba la pa 3. Woika makinayo analembetsa Nkhono ngati yalowa tsiku lomwelo, bambo ako anapereka khadi lake. Mausiku awiri anayamba kuwerengedwa.

Lachiwiri ndinapita ndi zofuna zanga. Ndinati, "Aimé, manja ako akudziwabe chiwongolero?" Akuti, "Manja alibe ng'ala." Ndikuti, "Chabwino. Ine ndikhala maso. Koma ulipira. Upita kwa dokotala, ndipo akati mpeni, ugona pansi pa mpeni. Ukakana, ndikunyamulira ndekha sutikesi ya ku Aurillac." Anatukwana mpaka oyera mtima a pawindo la tchalitchi, koma anavomera. Wa kugalaja anabwera kudzapopa matayala ndi kutchaja batire, sanafunse mafunso.

Lachitatu kutangoyera, buledi woyamba atatuluka, ndinapachika kapepala pachitseko cha bekale n'kupita pabwalo. Pansi ponse chisanu chili mbuu. Injini inatsokomola, inatsokomolanso, n'kulira. Ndinaima kutsogolo kwa galimoto n'kukuwa kuti, "Unditsate!" Iye anatulutsa mutu pawindo, akuti, "Uli kuti?" Ndinali nditavala chikhoti changa chakuda. Ndinachivula n'kuchiponya pampanda, ndinatsala ndi epuloni yoyera ya kubekale, mphepo ikulowa mpaka m'mafupa.

"Nanga pano?"

"Ndikuona chinthu choyera, chachikulu m'mbali."

"Wamkulu m'mbali ndi mayi ako!"

"Ndi mayi akonso, chitsiru iwe. Yenda!"

Ndinayenda. Maryse, ndisakunamize, ndinachita mantha kuposa tsiku lililonse la moyo wanga. Chigalimoto chonsecho kumbuyo kwanga, woyendetsa wosaona, kutentha kwa injini ndikukumva pamsana. Ndinkangoti phazi lake likaterereka, mawa anthu adya buledi wa m'sitolo. Koma anabwera pang'onopang'ono ngati mwana wa ng'ombe wotsata chidebe. Ndikakweza manja onse, iye chiii, waima. Pamakina ndinadina ndine, mpiringidzo unakwera, tinatuluka.

Pakona ya holo tinakumana ndi Thibault, makiyi a ofesi ali m'manja. Anayang'ana ine, anayang'ana Nkhono, pakamwa pali yasa. Akuti, "Mayi Fernande, izi ine sindikuziona." Ndikuti, "Ndiye muli awiri. Tapatuka." Sanapatuke chabe. Anathamangira kumtunda kwa msewu n'kukaima pakati, manja atatambasula, kuimitsa thirakitala ya mkaka mpaka titadutsa. Mwana ameneyu mutu wake ndi wa mapepala, koma mtima ulipo.

Tinazungulira tchalitchi, tinabwerera pa mpiringidzo, khadi linalowa, makina anatilandira ngati alendo ochokera ku Holland. Anaimika Nkhono pamalo ake, matayala m'maenje ake omwe aja. Atazimitsa injini malaya ake anali atanyowa ndi thukuta. Ine mano ankangogundana. Anandipangira khofi, anathira mchere m'malo mwa shuga, ndinamwa wonse.

Kuyambira tsiku limenelo tikuchita zomwezo, kudumphitsa tsiku limodzi. Meya waitanitsa kale nkhaniyi kuti ibwerere m'khonsolo chaka chamawa, akuti mwina aganizira anthu a m'mudzi, koma ine sindidikira zimenezo, ndipo ndidzatulukanso m'holo ikadzafika. Dokotala wathu wamuyeza bambo ako, akuti ndi ng'ala m'maso onse, yokhwima koma yochotseka. Diso loyamba adzalichita mu Malichi. Gasi ndimakazimitsa ndekha madzulo ndikamupititsira supu, amafunda ndi kachitofu ka magetsi. Mayuro 12 akulipira yekha, akung'ung'udza ngati akuzula dzino.

Usandiuze kuti n'zoopsa, ndikudziwa. Usandiuze kuti ndili ndi zaka 69, mawondo anga amandiuza m'mawa uliwonse. Chipale chikagwa ndidzawaza mchere njira yonse, ndipo ndidzayenda. Mpaka Malichi ndiyenda, Maryse. Ukadzabwera mu Febuluwale chiwongolero udzagwire ndiwe, ine ndidzapumeko.

Chatsala ndi cha iwe. Bedi unasungitsa ndiwe, woimbira a ku Aurillac ndiwe. Ine ndanena zanga. Bambo ako akufuna kuwonjezera mawu pansipa, ndamugwirira pepala kuti lisathawe.

Fernande


MARYSE.

BEDI LIJA UPATSE WINA.

MSEWU SINDIUONA, N'ZOONA.

MLONGO WANGA NDIMAMUONA.

PAPA